Lipoti la nkhani: mavidiyo opitirira 4 GB pa NAS ya FAT32, ndi zidutswa ziwiri zimene zinafufutidwa

Mmene zinthu zinalili

Bungwe lina laling'ono lojambula mavidiyo a maphunziro linali ndi makompyuta ochepa a Windows ndi kabokosi kamodzi kosungira mafayilo pa netiweki, kaja timakatchula kuti NAS. Kanali kakale ndithu. M'kati mwake munali disiki imodzi ya 2 TB, ndipo zopitirira theka zinali zitadzaza ndi ntchito ya zaka zambiri: zithunzi, makalata, mavidiyo omalizidwa. Kope lina la zinthu zimenezi panalibe.

Vuto linabwera ndi makamera atsopano. Akale aja ankalemba pa makhadi a SDHC, amene amakhala a FAT32 (mtundu wakale wa file system, kutanthauza dongosolo losanjira mafayilo pa disiki), choncho ankadula okha vidiyo yaitali m'zigawo zosafika 4 GB, popanda munthu kudziwa chifukwa chake. Atsopanowa amalemba pa makhadi a SDXC, a exFAT, file system ina imene ilibe malire amenewo, ndipo phunziro lonse linkatuluka ngati fayilo imodzi yaikulu. Akati aiike pa NAS, Windows inkakana n'kunena kuti malo palibe, chonsecho kabokosiko kankaonetsa ma GB mazanamazana opanda kanthu. Onse mu ofesimo anagwirizana kuti disiki ikufa, ndipo ndi uthenga umenewo anandiitanira.

Zimene ndinapeza

Disiki inalibe vuto. SMART, njira imene disiki imadziyezera thanzi lake, sinaonetse chodetsa nkhawa. Nditasanja mafayilo onse potengera kukula kwake, panalibe ndi imodzi yomwe yoposa 4 GB. Koma mu foda ya backup munali mafayilo angapo olingana kukula ndendende: mabayiti 4,294,967,295.

Nambala imeneyi aliyense wa ntchito yathu aiziloweza pamtima. FAT32 imasunga kukula kwa fayilo m'malo a mabiti 32 basi, ndipo nambala yaikulu imene ingakwane m'menemo ndi imeneyo, 4 GB kuchotsapo bayiti imodzi. Disiki ikule bwanji, malire a fayilo imodzi sasuntha. Mukaona fayilo ya kukula kumeneko, dziwani kuti inadukira panjira.

Apa ndi pamene nkhani inakulira kuposa dandaulo la mavidiyo. Windows imayamba yapempha malo a fayilo yonse isanakope, n'chifukwa chake inkakana msanga anthu n'kuona. Pulogalamu ya backup ya kompyuta ya maakaunti inkangolemba mosalekeza mpaka kugunda malire, n'kusiya fayilo yoduka, cholakwikacho n'kuchilemba mu log imene palibe ankaitsegula. Ndinawauza amayi amene amayang'anira ofesiyo kuti ma backup a miyezi ingapo sangatsegulidwe. Anakhala kaye chete, kenaka anafunsa kuti tichite chiyani lero lomwe, popeza ndalama za kabokosi katsopano zinali zoti zidzapezeka m'chaka china cha bajeti.

M'kati mwa NAS munali Linux ndi Samba yakale, pulogalamu yogawira mafayilo kwa makompyuta a Windows pa netiweki. Tsamba lake loyendetsera linkangolola kufomata disiki kukhala FAT32; NTFS, file system ya Windows yopanda malire a 4 GB, inkawerengeka koma osalembeka. Opanga ake anali atasiya kale kutulutsa firmware yatsopano.

Njira zimene tinakana

Kufomata disiki kunali kosatheka pa zifukwa ziwiri: kabokosiko sikakanalemba pa file system ina, ndipo kunalibe kosamutsira kaye zimene zinali m'menemo. Kudula mafayilo m'zigawo ndi 7-Zip kukanathandiza pa zinthu zongosunga, koma okonza mavidiyo ankafuna kutsegula vidiyo pomwepo, kuiona, kutengamo kachigawo. iSCSI, imene ikanatipatsa disiki yeniyeni kudzera pa netiweki, m'kabokosimo munalibe.

Mnyamata amene ankasamalira makompyuta awo anapereka ganizo la VHD, ndipo ganizolo linali pafupi ndi yankho. Kuyambira pa Windows 7 munthu angathe kupanga fayilo ya VHD n'kuilumikiza ngati disiki, kuifomata NTFS, n'kumaikamo mafayilo a kukula kulikonse. VHD imafika pafupifupi 2 TB, ndipo VHDX, imene inabwera ndi Windows 8 ndi Windows Server 2012, imafika 64 TB. Koma zonse ziwiri ndi fayilo imodzi. Zikakhala pa FAT32, nazonso zimaima pa 4 GB pomwe paja. Ambiri amakodwa pamenepa: VHDX yomakula pang'onopang'ono imapangika bwinobwino, imalumikizika, imafomatika, ndipo imadzaonongeka tsiku limene yagunda malire, muli kale ntchito za anthu.

Chofunika chinali disiki yongoyerekezera imene ili m'zidutswa zambiri zazing'ono. Akanakhala ndi makompyuta a Mac, sparse bundle, imene ilipo kuyambira mu 2007 pa Mac OS X 10.5, ikanachita zimenezo ndi tizidutswa ta 8 MB. Nayonso ili ndi msampha wake pa FAT32: foda imodzi imangokhala ndi malo 65,536 olembapo mayina, ndipo dzina limodzi lingathe kudya malo oposa amodzi, choncho tizidutswa tikachuluka foda imadzaza disiki isanadzaze. Amene angayende njira imeneyo akulitse tizidutswato popanga. Ife Mac tinalibe, ndiye tinatenga VMDK, nayonso fayilo ya disiki yongoyerekezera, imene ili ndi mtundu wodulidwa m'zidutswa za 2 GB, wopangidwira vuto lomweli.

Mmene tinamangira, ndi chifukwa chake

Panali kompyuta ina yakale yongokhala. Ndinaikamo Linux kuti ikhale mkhalapakati. Iyo yokha ndi imene inkalumikizana ndi foda ya pa NAS mmene munali zidutswa. Pulogalamu ya qemu-nbd inkasonkhanitsa zidutswazo n'kuzionetsa ngati disiki imodzi ya 600 GB. Pa disikiyo panali ext4, file system ya Linux. Ndipo Samba ya pa mkhalapakatiyo ndi imene inkagawira anthu mafayilo. Kwa wokonza vidiyo inali foda wamba ya pa netiweki imene imalandira fayilo ya 30 GB osadandaula.

Chosankha choyamba, ndiponso chachikulu, chinali chakuti disikiyo ikhale ndi mwini mmodzi. Panali pempho loti kompyuta iliyonse izilumikiza yokha kuti liwiro likwere, ndipo ndinakana. Atambala awiri salira m'khola limodzi: ext4, NTFS ndi anzake anapangidwa moganizira kuti kompyuta imodzi yokha ndi imene ikulemba. Iliyonse imasunga m'memori mwake chithunzi cha malo amene ali opanda kanthu. Ziwiri zikalumikiza nthawi imodzi, zonse zimaona buloko (kagawo ka disiki) yomweyo ngati yaulere, zonse zimalembapo, ndipo palibe uthenga wochenjeza umene umatuluka mpaka zinthu zitaonongeka kale.

Chachiwiri chinali kusankha pakati pa zidutswa zomakula, twoGbMaxExtentSparse, ndi zodzaziratu, twoGbMaxExtentFlat. Zomakula zimapangika m'kanthawi kochepa ndipo sizidya malo pachiyambi, koma chilichonse chili ndi matebulo ake osonyeza kumene kagawo kalikonse kagona. Magetsi akazima matebulowo akulembedwa, mwaonjezera malo ena oonongekera. Zimafunanso kuti NAS ikhale ndi malo tsiku lililonse limene zikukula, pomwe anthu ena akuikabe zawo pa disiki yomweyo. Zodzaziratu zilibe chobisika. Chidutswa chilichonse ndi mabayiti a disiki monga alili, moti mutazilumikiza motsatizana pogwiritsa ntchito pulogalamu ya cat mumapeza disiki yonse, ngakhale qemu itasowa padziko. Ndinasankha zimenezi. Zinatenga nthawi yaitali kupanga chifukwa FAT32 siitha kusiya mabowo m'fayilo, ndiye kabokosiko kanalemba maziro 600 GB yonse. Pamapeto panali kafayilo kamodzi ka mawu kotchula zidutswa zonse, ndi zidutswa 300, kuyambira nkhokwe-f001.vmdk mpaka nkhokwe-f300.vmdk. Sindinagawe disikiyo m'mapatishoni. Ext4 inayambira pa bayiti yoyamba. Zimenezi zinadzathandiza powerengera pambuyo pake.

Chachitatu chinali cha netiweki, chifukwa tsopano chingwe chinali pakati pa file system ndi disiki yake. Journal ya ext4, kaundula wa zimene ikufuna kulemba, imateteza pokhapokha ngati ikati "izi zilembedwe ndithu tisanapitirire", wa pansi akumvera. Samba isanafike 4.7 inkabwera strict sync ili yozimitsa, kutanthauza kuti inkatha kunyalanyaza pempho limenelo, ndipo m'kabokosi aka munalibe posinthira. Choncho NAS, switch ndi mkhalapakati zonse zinaikidwa pa UPS imodzi, batire yopereka magetsi akazima. Kulumikiza kwa CIFS, kumene mkhalapakati ankafikira nako foda ya pa NAS, ndinakuika kukhala hard, osati soft monga kumabwerera, kuti NAS ikasowa kwa kanthawi zolemba zidikire m'malo mobweza cholakwika. Ext4 ndinaiuza kuti ikaona cholakwika isiye kulemba, izingowerenga. Poyatsa, dongosolo linali CIFS, qemu-nbd, ext4, kenaka Samba. Pozimitsa, chobwerera m'mbuyo. Ndisanapereke kwa eni ake ndinazula chingwe cha netiweki fayilo yaikulu ikukopedwa, n'kuchibwezera, n'kuyendetsa e2fsck, pulogalamu yoyeza ndi kukonza ext4. Ext4 inatuluka yoyera.

Tinagwirizananso malamulo awiri. Wokonza vidiyo asafufute kope la pa kompyuta yake ntchito isanaperekedwe. Ndipo usiku uliwonse mkhalapakati azilemba SHA-256 (nambala yozindikirira zimene zili m'fayilo) ya fayilo iliyonse yatsopano pa mndandanda wosungidwa pa disiki yake yeniyeni, kunja kwa disiki yongoyerekezera ija. Foda ya zidutswa ndinaitcha OSAKHUDZA, yotseka ndi pasiwedi yakeyake, ndipo mnyamata uja ndinamufotokozera zonse mpaka anatha kuyatsa ndi kuzimitsa yekha. Ndinalembanso m'lipoti kuti izi n'zongodutsira, ndi kuti disiki ina yosungira kope igulidwe ndalama zikangopezeka.

Zinayenda bwino kwa miyezi yambiri. Liwiro silinali lokonzera vidiyo pomwepo, purosesa ya kabokosiko inali yofooka, koma posunga, kuonera ndi kutenga linkakwana. Backup ya maakaunti inayamba kumaliza.

Pamene zinatembenuka

Mnyamata uja anapeza ntchito kwina, ndipo zimene ankadziwa anapita nazo. Malo otsala pa NAS, kunja kwa disiki yathu, anadzaza. Tsiku lina kunabwera zithunzi zofunika kusungidwa mwamsanga, ndipo amayi aja analowa pa tsamba loyendetsera ndi pasiwedi yaikulu, imene imatsegula foda iliyonse. Anaona mafayilo 300 a mayina opanda tanthauzo, olingana kukula, akudya gawo lalikulu la disiki. Anaganiza kuti ndi zotsalira za pulogalamu ina. Anafufuta imodzi ya pakati pa mndandanda, f087, kuti aone chimene chingachitike.

Palibe chinachitika. Mavidiyo ankatsegukabe, koma malonso sanaonjezeke. Anafufuta yachiwiri, f088. Chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti pa Linux, fayilo imene pulogalamu ina yaitsegula siichoka ikafufutidwa. Dzina limachoka, koma mabayiti amakhalabe mpaka womaliza ataitseka, ndipo Samba ya m'kabokosimo inali itagwira zidutswa zonse. Mayeso awo anali anzeru, kufufuta imodzi n'kuyang'ana, koma makinawo anawayankha zabodza. Ataona kuti malo sakubwera anazimitsa kabokosiko n'kukayatsanso. Apo 4 GB inamasuka, ndipo zithunzi zija zinakopedwa.

Madzulo ake mavidiyo ena anayamba kukana kutseguka, kenaka foda yonse inakana kulandira chatsopano. Ext4 inali itachita zimene inauzidwa. Atandiimbira, ndinapempha chinthu chimodzi: azimitse NAS, asaikepo kalikonse, asayese kalikonse.

Kupulumutsa

Tsiku limenelo bungwe linagula disiki ya 4 TB. Ndinachotsa disiki m'kabokosimo, ndinatenga kope lake lonse ndi pulogalamu ya ddrescue, ndipo ntchito yonse yotsatira inachitikira pa kope. Izi musazidumphe ngakhale eni ake akukuimirirani pamsana: e2fsck imakonza mwa kudula zimene sikuzimvetsa, ndipo ikadula sibweza.

FAT32 ikafufuta fayilo imaika chizindikiro cha 0xE5 pa chilembo choyamba cha dzina ndi kumasula mndandanda wa malo ake mu tebulo, koma mabayiti enieni siikhudza. Ngati fayilo inagona malo amodzi mosadukiza ndipo palibe chalembedwapo, pulogalamu ya TestDisk imaibweza. Zidutswa zathu zinapangidwa motsatizana pa gawo la disiki limene linali lopanda kanthu, ndiye zinali zosadukiza. F088 inabwera yathunthu. F087 ayi. Disiki inali yodzaza, choncho zithunzi zatsopano zija zinalibe kwina kogona koma pa malo omwe anali atangomasukawo, ndipo zinagona pa chiyambi cha f087.

Apa kuwerengera kunathandiza. Chidutswa cha qemu ndi 2 GiB ndendende, amene ndi mabuloko 524,288 a mabayiti 4,096. Gulu limodzi la mabuloko pa ext4 lili ndi mabuloko 32,768, ndiye chidutswa chimodzi ndi magulu 16. Ndipo ext4, kudzera mu flex_bg, imasonkhanitsa mabitmap (osonyeza malo odzaza ndi opanda kanthu) ndi matebulo a inode (kaundula wa kumene fayilo iliyonse ili) a magulu 16 n'kuwaika pamodzi koyambirira. Popeza panalibe patishoni yosuntha malire, chidutswa chilichonse chinali gulu lalikulu limodzi lathunthu, matebulo ake ali kumutu. F087 inkayambira pa buloko 45,088,768, ndipo pafupifupi 32 MB zoyambirira zinali matebulo a inode. Zithunzi zija zinagona pomwepo.

Tanthauzo lake ndi lowawa. Chimene chinatayika sichinali mavidiyo amene mabayiti ake anali m'chidutswacho okha, komanso fayilo iliyonse imene inode yake inali m'menemo, ngakhale mabayiti ake atagona bwinobwino m'zidutswa zina. Inode ndi imene imadziwa kumene fayilo ili. Ext4 imakonda kuika inode za mafayilo pafupi ndi foda yawo, choncho kuonongekako kunagwera mafoda ochepa, koma kunawagwera kwathunthu.

Gawo limene linalembedwapo ndinalidzaza ndi maziro, kuti e2fsck isawerenge zithunzi ngati ma inode n'kuyamba kudula mafayilo abwino potsatira zopanda pake; mbali yotsala ya f087 ndinaisiya monga inabwerera. Ndisanakonze kalikonse ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya debugfs: icheck kuti indiuze inode ya buloko iliyonse ya m'gawo loonongekalo, ncheck kuti indiuze dzina la inode iliyonse. Kenaka e2fsck inayenda pa kope, n'kuchotsa mayina oloza ku ma inode amene kulibenso, zina n'kuziika mu foda ya lost+found.

Mndandanda wa SHA-256 uja ndi umene unatichotsa m'kuganizira. File system ikatuluka yoyera mu e2fsck sizitanthauza kuti mafayilo ali bwino. Vidiyo ingathe kukhala ndi dzina lake ndi kukula kwake, koma pakati pali maziro. Ndinayerekeza fayilo iliyonse ndi mndandandawo, ndipo tinakhala ndi mayina enieni a zosowa ndi zoonongeka. Za mu lost+found, zimene zinali ndi manambala m'malo mwa mayina, tinazizindikiranso ndi SHA-256 yomweyo.

Zotsatira

Mafayilo ambiri oonongeka anapezeka pa makompyuta a okonza, chifukwa cha lamulo lija la kusafufuta, ndipo ena anali akadali pa makhadi a kamera. Phunziro limodzi lakale silinapezeke kwina kulikonse. Mabayiti ake ambiri analipo pa disiki, koma popanda inode panalibe chotiuza dongosolo la zigawo zake, ndipo fayilo ya MP4 sisewera ngati mlozera wake wa m'kati sukugwirizana ndi zimene zili m'thupi mwake. Ndinayesa kuisonkhanitsa kuchokera m'malo amene e2fsck inawaona ngati aulere. Zinatuluka zigawo zosalumikizana. Analijambulanso.

Kwa anzanga a ntchito, pali zinthu zimene nkhaniyi inandionetsa poyera. Tinadzitchinjiriza kwambiri ku magetsi ndi ku chingwe cha netiweki, ndipo mbali imeneyo sinatigwetse. Chinatigwetsa n'chakuti disiki yongoyerekezera, kwa munthu woiona kunja, imaoneka ngati zinyalala: mafayilo ambiri aakulu amene satseguka ndi pulogalamu iliyonse. Dzina la foda silikwana, chifukwa disiki ikadzaza ndipo ntchito ikudikira, munthu amene ali ndi pasiwedi yaikulu adzayang'ana chimene chikudya malo. Amene ayenera kumvetsa zidutswazo si wosamalira makompyuta yekha, koma aliyense amene angathe kuzifufuta, ndipo kufotokozako kubwerezedwe anthu akasintha. Malo otsala kunja kwa disiki yongoyerekezera nawo aziyang'aniridwa ngati mbali ya dongosolo lomwelo, pakuti kudzaza kwake ndi kumene kunayambitsa zonse, ndiponso kumene kunachititsa kuti zithunzi zigone pa f087 osati kwina.

Amayi aja anadziimba mlandu kwambiri. Ndinawaonetsa pa pepala chimene chinachitika pakati pa kufufuta koyamba ndi kuyatsanso kabokosi, kuti aone kuti chizindikiro chimene anadalira sichikanatha kuoneka nthawi imeneyo. Anapempha kuti ndilembe zonse m'mawu osavuta, ndipo tsamba limenelo linaikidwa mu fayilo ya ofesi pamodzi ndi mapasiwedi.

Disiki yongoyerekezerayo tinaibwezera kuti igwire ntchito miyezi yotsalayo, ndi zosintha zitatu. Usiku uliwonse rsync inkakopera zonse za m'kati mwake ku disiki ya 4 TB ija ngati mafayilo wamba, osati ngati zidutswa. Ola lililonse kaskripiti kankawerenga mayina ndi kukula kwa zidutswa zonse 300 kuchokera pa NAS, ndipo chimodzi chikasowa kankaimitsa kulemba n'kutumiza imelo. Kakanakhalapo poyamba, kakanalira pa f087 Samba ikadagwirabe mabayiti ake, nthawi imene kukopa zonse kunali kotheka. Kankachenjezanso malo a pa NAS akatsala ochepa.

Chaka cha bajeti chitafika anagula NAS ya ma disiki awiri, ya ext4, yolankhula SMB3. Tinasamutsa mafayilo ndi rsync, tinawayerekeza onse ndi mndandanda wa SHA-256, ndipo atagwirizana ndinazimitsa qemu-nbd. Disiki ya 4 TB inapitiriza ntchito ya kope la usiku. Zidutswa 300 zija zinasungidwa pa disiki yakale kwa miyezi itatu monga tinagwirizanirana, kenaka disikiyo inafomatidwa.